Chaka Chimene Timbale Tinachuluka

Ku Bolton, ku Mangalande, ndinabwera kudzalera ana. Mwana wanga wamkazi ndi namwino pachipatala chachikulu, ndipo atabereka wachiwiri anaimba foni kumudzi nati, "Amayi bwerani, kuno kulibe womusiyira mwana." Ndinabwera. Kuzizira ndinakuzolowera, kamvula ka tsiku ndi tsiku ndinakazolowera, koma chimodzi chinandikanika: kugona denga limodzi ndi mkamwini.

Nyumba za kuno zimagundana khoma ndi khoma ngati mano, msewu wonse. Ukalowa pakhomo, balaza ndi lomwelo, khitchini kumbuyo, kenako masitepe opapatiza okwera kuzipinda ziwiri ndi bafa limodzi. Kwathu ku Dedza ukamuona mkamwini akubwera panjira umapatukira kutchire, iyenso n'kupatukira mbali inayo, moni mumapatsana mukuyang'ana kumbali. Nanga pamasitepe upatukira kuti? Ine ndinkatsokomola ndisanatsike, iwonso ankatsokomola asanakwere, mpaka mwana wanga anatigulira mankhwala a chifuwa potiseka. Tsiku lina ndinakumana nawo akutuluka m'bafa, thaulo m'chiuno, mimba ili pamtunda. Iwo anabwerera m'bafa, ine ndinabwerera kuchipinda, tonse phee, aliyense kudikira mnzake, mpaka tiyi amene ndinasiya pansi anazizira.

Akamwiniwo si munthu woipa ayi. Ndi ofatsa, sakweza mawu, ana amawasambitsa okha. Koma ulemu wotere m'kanyumba kotere umatopetsa. Mapepala anga ondilola kugwira ntchito kuno atatuluka, ana atayamba kupita kunazale, ndinamuuza mwana wanga kuti ndikufuna khomo langa. Anandipezera chipinda kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu, misewu itatu kuchokera kwawo. Munali bedi, mpando umodzi, kasitovu ka maso awiri, ndipo kiyi ndinkasunga ndekha. Kuti ndikhalebe m'menemo pankafunika ntchito. Ntchito ikatha ndiye kuti chipinda chatha, ndibwerere kumasitepe aja. Nkhani inali yomweyo basi.

Ntchitoyo anandipezera ndi akamwini omwewo. Uthenga unadzera kwa mkazi wawo: "Uwauze amayi kuti kuntchito kwathu akufuna wokonza pansi."

Malowo anali panjira yopita ku Manchester, kumene kuli zinyumba zikuluzikulu zamalata zopanda mawindo. Kumeneko ntchito yake inali ya tinthu totchedwa hadi disiki. Sikuti ankatipanga pomwepo ayi. Tinkabwera pa sitima zapamadzi kuchokera kumafakitale a kutali, kumayiko a kum'mawa, ndipo kuntchito kwathuko ankatiyesa ngati tili tamoyo, kutiika m'timabokosi, kutikulunga, malole n'kutitenga kupita kumasitolo. Akamwini anali oyang'anira chipinda choyesera, kuseri kwa galasi, atavala chijasi choyera ndi kachisoti ngati ophika buledi. Ine ndinali kunja kwa galasi ndi mopu wanga. Mtunda umenewo unandikwanira.

Okonza pansi tinalipo atatu: ine, mtsikana wa ku Poland amene tinkamvana ndi manja okha, ndi mayi wa ku Chipata, ku Zambia, wamng'ono kwa ine koma pakamwa ngati lumo. Ameneyu ndiye anandiphunzitsa ntchito. Tsiku loyamba ndinamufunsa kuti tsache lili kuti.

"Tsache? Ambuya, mufuna kutiphetsa? Kuno tsache ni mfiti. Mukasesa, fumbi liuluka, lingena mu katundu, katundu yafa."

"Ndiye pansi payera bwanji?"

"Huva woyamwa fumbi na mopu chabe. Na paudala ya kumaso musiye kunyumba, kuno kulibe mwamuna wokuyang'anani."

Ine amene ndinayamba kusesa pabwalo mano akutsogolo asanaguluke, ndinachita kuphunzira kuti kusesa n'kulakwa. Zolemba pamabotolo a mankhwala sindinkaziwerenga, poti kusukulu sindinapondeko, koma mitundu ndinaigwira: chidebe chofiira n'cha kuchimbudzi, chabuluu n'cha m'holo, chobiriwira n'cha kodyera. Sindinasokonezeko ngakhale tsiku limodzi.

Tsiku lina mayi wa ku Chipata uja anatola kamodzi kowonongeka, kotsegula kale, nandionetsa m'kati. Munali kambale kozungulira, kosakwana chikhatho, kowala kuposa galasi loonera nkhope. Nditayang'anamo ndinangoona mphuno yanga.

"Aka ni kankhokwe ka kompyuta," anatero. "Zithunzi, nyimbo, makalata, vonse vigona umu."

Kuyambira pamenepo ine ndinkangoti timbale, ndipo kutchalitchi akandifunsa kumene ndimagwira ndinkati kufakitale ya timbale. Mayi wina mpaka anandituma kuti ndimugulireko zodyera alendo, zamaluwa m'mbali.

Chaka choyamba chinali chabwino. Malole ankaima pamzere mpaka kumsewu. Katundu akafika m'mawa, pofika mawa lake wachoka, ine n'kumakolopa holo yonse kuchokera kukhoma kufika kukhoma, msana kuwawa. Anthu ankagwira Loweruka lomwe. Kenako eni ake anati malo achepa. Pamene tinkadutsa pochokera kubasi, pamene ankaimika magalimoto, panabwera zimakina zokumba, ndipo miyezi ingapo itapita panaima holo yachiwiri, yaikulu kuposa yoyamba. Pa tsiku lotsegulira anadula riboni, natipatsa keke m'timapepala. Analemba anthu ena ambiri, ndipo ife okonza pansi anatipatsa huva watsopano wochita kukankha ngati ngolo.

Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi ndinkakadya kwa mwana wanga. Akamwini ankadyera pabalaza, ine kukhitchini chitseko chili chotsegula, mwana wanga pakati. Lamulungu lotsatira keke ija ndinati, "Tawafunsa bambo a ana, timbale tonseti akutigula ndani?"

"Amayi akufunsa kuti..."

"Ndamva," anatero akamwini kubalaza. "Uwauze amayi kuti dziko lonse likutifuna. Si ife tokha takuza. Kumene timachokerako nawonso akumanga mafakitale atsopano, kampani iliyonse yake yake."

"Uwafunse, onsewo akumanga nthawi imodzi?"

"Uwauze kuti inde, poti aliyense akuopa kuti mnzake amudutsa."

"Inu nonse makutu muli nawo," anatero mwana wanga. "Ine ndisadye?"

Ndinangokumbukira chaka china kumudzi pamene tomato anadula, ndiye chaka chotsatira aliyense analima tomato, ndi ine ndemwe, tonse n'kukaunjika pamsewu kumayang'anana. Koma ndinati aa, awa ndi azungu ophunzira, ali ndi makompyuta, sangachite za ife.

Amene anayamba kundiuza kuti zinthu zapindika ndi mopu. M'holo yatsopano ija ankaika katundu pamathabwa, mulu uliwonse wokulunga ndi pulasitiki, wautali kuposa munthu. Poyamba milu inali kukhoma lakumapeto kokha, ndipo madzi m'chidebe ndinkasintha kanayi ndisanamalize. Patapita mwezi ndinkasintha katatu. Kenako kawiri. Milu inkangobwera kutsogolo ngati madzi osefukira, osabwerera. Mzere wachikasu umene anajambula pansi kuti katundu asadutse unakwiririka. Makina atsopano amene anagula kuti aziyesera m'menemo anangokhala m'mapulasitiki awo, osalumikiza n'komwe kumagetsi. Kunja malole anayamba kubwera limodzi limodzi, woyendetsa n'kukhala ndi nthawi yomwa tiyi.

Ndinamufunsa mayi wa ku Chipata kuti bwanji osangotisunga timbaleto, poti si tomato, sitiwola.

"Tiwola, ambuya, koma sitinunkha. Mwezi uno kabwera kambale kosunga zithunzi zambiri, mwezi wa mawa kabwera kena kosunga kuposa apo, mtengo n'kutsikanso. Manje ndani agule ka chaka chatha? Na a masitolo nawo achenjera, ayembekeza kuti mtengo ugwe futi."

"Nanga osawauza a kutaliwo kuti asiye kutumiza?"

"Munthu wamanga fakitale yatsopano, mumuuze kuti aitseke? Apanga chabe."

Ntchito ya Loweruka inatha. Anthu amene analembedwa pa nthawi ya keke ija anayamba kusowa mmodzimmodzi. Kodyera kunali zii, zidebe za zinyalala osadzaza. Ine ndinkamaliza holo yachiwiri nthawi isanakwane, ndiye ndinkapukuta zitseko zoyera kale kuti asandione nditaima.

Lachisanu lina m'mawa anandiitana kuofesi. Munali bwana wamkazi woyang'anira antchito, mzungu wa tsitsi lofiirira amene ankandipatsa moni masiku onse. Poti Chingerezi changa n'cha moni ndi cha m'basi, anafuna womasulira, ndipo m'maganizo mwake anati palibe woposa wachibale. Chitseko chinatseguka, n'kulowa akamwini, kachisoti kali m'manja.

Kaofesiko kanali ngati khola la nkhunda, mipando itatu mawondo kugundana. Akamwini anatembenuza mpando wawo kuyang'ana kabati ya mapepala. Ine ndinatembenukira ku duwa limene linali pawindo. Bwana anatiyang'ana tonse, sanamvetse, koma anayamba.

Analankhula nthawi yaitali, dzanja lili pachifuwa, nkhope itafiira. Ine ndinatolamo mawu awiri, sole ndi thenkyu. Atamaliza, akamwini anauza kabati kuti, "Akuti amayi mwagwira ntchito bwino kwambiri. Akuti pamene mwakolopa pamadziwika."

"Zikomo," ndinauza duwa.

Bwana analankhulanso, motalika kuposa poyamba.

"Akuti katundu wachuluka, malo okolopa achepa."

Chimenecho chinali choona, ndinagwedeza mutu. Bwana analankhula kachitatu, nakankhira envelopu kwa ine, naimika zala ziwiri. Akamwini anasuntha mpando wawo.

"Akuti mupume kaye, amayi."

"Ndipume?"

"Eee. Akuti mupumeko."

"Zala ziwirizo akuti chiyani?"

"Akuti milungu iwiri."

Mtima unakhala pansi. Ndinati ndi holide, ngati imene anatipatsa chaka chinacho. Ndinaimirira, ndinapinda maondo, ndinawomba m'manja, ndinati, "Thenkyu, madamu, Godi bulesi yu." Mayiyo misozi inalengeza, nandikumbatira. Ndinadabwa kuti holide yokhayo munthu mpaka kulira, koma ndinati azungu mitima yawo n'njofewa. Ndinavula yunifolomu, ndinakakwera basi ndili wokondwa. Sindinadziwe kuti andichotsa ntchito.

Envelopu ija ndinaiika m'sutikesi pamodzi ndi pasipoti. Kalata ya holide n'njovutitsira munthu kuti akuwerengere? Lamulungu ndinamuuza mwana wanga kuti andipatsa milungu iwiri yopuma. Iye anati, "Mwachita mwayi, ine yanga anandikaniza." Kubalaza supuni inagwa pansi, ndipo akamwini anati akukaona matayala a galimoto. Anakhalitsa kunjako.

Milungu iwiriyo ndinaidya bwino. Ndinachapa makatani, ndinapita ku Manchester kukagula nsomba zouma ndi therere, ndinakwera sitima ndi amayi a kutchalitchi kukaona mnzathu wodwala ku Wakefield. Lolemba litakwana ndinadzuka m'mamawa, ndinasita yunifolomu, ndinakwera mabasi anga awiri.

Pakhomo pa fakitale tinali ndi kakhadi kogunditsa, kanyali kakayaka kobiriwira chitseko n'kutseguka. Ndinagunditsa, kanayaka kofiira. Ndinakapukuta pachitenje, ndinagunditsanso, kofiira. Mlonda anatuluka, bambo wonenepa amene ankanditchula kuti Nana. Analankhula zambiri akukanda m'mutu, kenako anati ndidikire, nakaitana mayi wa ku Chipata. Anabwera magolovesi ali m'manja.

"Ambuya, mwabwera kuchita chani?"

"Holide yatha."

"Holide ya chani?"

"Imene anandipatsa madamu. Milungu iwiri."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Ambuya, nchito yasila. Anakuchotsani. Imwe na ka Polandi, tsiku limodzi. Zala ziwiri zija ni malipiro otsazikirana a milungu iwiri. Ine sininakutumireni foni, nenze kuganiza kuti mukali kulira."

Ndinabweza kakhadi kaja m'chikwama.

"Anakumasulirani ndani?"

"Akamwini."

Anayamba kuseka, kenako anadzigwira pakamwa. "Mayo ine! Mkamwini angauze apongozi ake kuti chokani? Sembe anaitana ine, nikanakuuzani mu mawu awiri. Na madamu auza aliyense kuti sanaonepo munthu wolimba mtima monga imwe, ati munamudalitsa."

Chitseko chinali chotsegula kumbuyo kwake. Ndinaona kuti milu ija yatuluka m'holo yachiwiri, yafika m'khonde limene ndinkayambira kukolopa. Mayiyo anati watsala yekha, ndipo naye akuweruka masana.

Sindinapite kuchipinda kwanga kukakhala. Ndinangotengako envelopu ija, n'kulunjika kwa mwana wanga, amene tsikulo sanali kuntchito. Anaiwerenga ataimirira, kenako anakhala pansi. Anandiuza zonse, mawu ndi mawu, mopanda kuzungulira. Tili pomwepo tinamva kiyi pakhomo, poti akamwini nawo masiku amenewo ankaweruka masana. Nthawi zonse ndikamva kiyi ameneyo ndinkathawira kukhitchini. Tsikulo ndinaima pakati pa balaza, yunifolomu ili m'thupi.

Atalowa anandiona, anaona kalata m'manja mwa mkazi wawo, nafuna kubwerera.

"Bambo, imani pomwepo. Muofesi muja munandiuza kuti chiyani?"

Anayang'ana mkazi wawo.

"Musayang'ane uyo. Ndikufunsa ndine."

Ndiyo nthawi yoyamba imene ndinawayang'ana kumaso bwinobwino chikwatirireni mwana wanga. Ndinaona kuti ali ndi chipsera pachibwano, ndiponso imvi zayamba m'mbali.

"Amayi, pakamwa panakana."

"Panakana! Ine kukwera mabasi awiri, kukaima pakhomo pa eni ngati wopempha mchere?"

"Ndimati ndikuuzani mawa. Kukacha, ndimati mawa."

"Ndipo ine kuwomba m'manja! Kumudalitsa munthu akundithamangitsa!"

Apa mwana wanga analephera kudzigwira, anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako anatembenukira mwamuna wake n'kumukalipira m'Chingerezi, kenako anasekanso. Ine sizinandiseketse. Akamwini anakhala pamkono wa sofa, nati anayesa kuchonderera bwana m'malo mwanga asanandiitane. Bwanayo anawayankha kuti wokonza pansi atsala mmodzi, ndipo wotsalayo ayenera kukhala wowerenga zolemba pamabotolo ndi kusaina pepala la tsiku ndi tsiku. Anati m'chipinda chawo choyesera anthu atsala ochepa, ndipo sakudziwa ngati dzina lawo silili pa pepala lotsatira.

"Zonsezo mukanandiuza," ndinatero. "Ndine wamkulu ine. Ndinaika mwamuna m'manda, nkhani ya mopu ingandiphe?"

"Ndalakwa, amayi."

Ndinatuluka osatsazika.

Ntchito ina ndinaifuna ndithu. Amayi a kutchalitchi ananditengera kunyumba ziwiri zosungira okalamba, kumene ankafuna wochapa. Konseko anatulutsa mafomu, nafunsa zaka zanga, nati adzaimba foni. Kwina anati poyamba ndikhale pa kompyuta ndiyankhe mafunso a chitetezo. Ndinaiyang'ana kompyutayo, ndinati mwina muli kambale kamene ndinakakolopera pansi, koma sikanandithandize. Foni sinalire. Mayi mwini nyumba anandipirira mwezi umodzi, koma naye chipindacho ndiye chinkamuthandiza, ndipo panali namwino wina wongofika kumene amene ankachifuna. Ndinamuuza kuti ndichoka Loweruka, ndibwerera kwa mwana wanga.

Lachisanu lake masana ndikumanga katundu, ndinamva kugogoda. Nditatsegula ndinapeza akamwini okha, opanda mkazi, opanda ana, atanjuta pakhonde, jumbo ili patsogolo pawo. Anaikankhira kwa ine ndi manja awiri. Munali nkhuku ya m'sitolo, yochokera mufiriji, yolimba ngati mwala.

Kwathu, mkamwini ndi apongozi akafuna kuleka kuthawana, papite nkhuku. Akadya, ndiye kuti atha kulankhulana pamaso, kukhala pamphasa imodzi. Zimachitika akulu a mbali zonse alipo, nkhukuyo ikulira. Pano panalibe wamkulu wina koma ine ndemwe.

"Amayi, yamoyo ndafunafuna, kuno sagulitsa."

"Nanga mutu ndi miyendo zili kuti?"

"Amachotseratu."

"Nthutumba?"

Anasuzumira m'jumbomo ngati mwina ipezeka. "Mulibe, amayi."

"Dzukani, pansipo n'pozizira. Lowani."

Nkhukuyo inatenga nthawi kuti isungunuke. Tinaiviika m'madzi otentha musinki, iwo atakhala pampando umodzi uja, ine pabedi, tikudikira. Kenako anayamba kundiuza za holo yachiwiri, kuti eni ake akufuna kuibwereketsa kwa anthu ogulitsa makapeti, ndipo timbale takale akutigulitsa motaya kwa aliyense wobwera ndi lole. Ine ndinawauza za mayi uja amene anandituma mbale zamaluwa. Anaseka, ndipo ndinadziwa tsikulo kuti akamaseka amatseka maso. Nkhuku itapsa tinadyera pa katebulo kamodzi. Inalibe kukoma kwenikweni, nkhuku za kuno zili ngati thonje, koma tinaimaliza.

M'mawa mwake anabwera ndi galimoto. Kiyi ndinamupatsa mayi mwini nyumba m'manja, tinapemphera pang'ono pakhomo. Sutikesi, zofunda, kasitovu ndi makatani zinadzaza mpando wakumbuyo mpaka kudenga, moti malo anatsala amodzi, kutsogolo, pambali pa woyendetsa. Ndinakhala pomwepo, anandithandiza kumanga lamba. Tikukhota kulowa mumsewu wawo ndinawauza kuti amayendetsa moyandikira kwambiri magalimoto oimikidwa, tsiku lina adzathyola galasi la mwini.

"Msewu ndi wopapatiza, amayi," anatero.

"Ndiye muzichepetsa liwiro."

Anachepetsa.